Esther Ocloo ndi ngongole za amayi: zimene Mangochi inatengako ndi zimene inasiya

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa chitukuko m'boma la Mangochi, kaya ndi kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Nankumba kapena kwa Makanjira, akudziwa kuti nkhani ya amayi a bizinesi ikangoyambika imakathera pa ngongole. Amayi amadandaula kuti mpamba ndi wochepa, alendo amalonjeza thumba la ngongole, magulu amakhazikitsidwa, ndipo pakapita nyengo mumamva kuti ena alandidwa ziwiya ndi malata chifukwa cholephera kubweza. Maganizo akuti mayi wosauka angathe kukongozedwa ndalama ndi banki n'kubweza bwinobwino lero amaoneka ngati achidziwikire, koma zaka 50 zapitazo anali achilendo kwambiri, ndipo mmodzi mwa anthu amene anawalimbikira mpaka dziko linawamvera anali mayi wa ku Ghana, Esther Afua Ocloo. Dzina lawo silidziwika kwenikweni kuno kwathu, ngakhale kuti ntchito yawo inafika mpaka m'misika yathu. Chimene chimandikhudza pa mbiri yawo ndi ndondomeko imene zinthu zinayendera, chifukwa pa moyo wawo wa bizinesi ngongole inabwera pambuyo, luso ndi msika zitapezeka kale, pamene ife kuno timayambira pa ngongole ndipo nthawi zambiri timathera pomwepo.

Mayi Ocloo anabadwa pa 18 Epulo 1919 m'mudzi wa Peki Dzake, m'chigawo cha Volta, dziko la Ghana likutchedwabe Gold Coast pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Bambo awo, a Nkulenu, anali osula zitsulo, ndipo mayi awo ankaumba mbiya ndi kulima. Linali banja losauka, koma mwanayo anali wanzeru m'kalasi, moti anapeza thandizo la maphunziro n'kukalowa sukulu ya Achimota ku Accra, imene inali sukulu yapamwamba kwambiri m'dzikolo, ndipo anaphunzirako kuyambira 1936 mpaka 1941. Munthu wotuluka ku Achimota m'masiku amenewo ankayembekezeka kukagwira ntchito ya mu ofesi kapena ya uphunzitsi, atavala bwino, osati kuyenda m'misewu ndi katundu wogulitsa.

Atamaliza sukulu, ntchito isanapezeke, azakhali awo anawapatsa masheleni 10. Iwo anatengako ndalama zina n'kugula malalanje, shuga ndi mabotolo 12, anaphika jamu wa malalanje, ndipo anayenda naye m'maofesi a mu Accra mpaka mabotolo onse anatha. Anzawo amene anaphunzira nawo limodzi anawaseka kuti ataya maphunziro awo n'kusanduka wogulitsa malonda m'misewu ngati munthu amene sanaone pakhomo pa sukulu. Mtima wonyoza umenewu sunathe mpaka lero, ndipo m'tauni ya Mangochi mtsikana wa satifiketi ya Fomu 4 amene wayamba kuwamba nsomba kapena kukazinga mandasi amamvabe mawu ofanana ndi amenewa kuchokera kwa abale ake omwe.

Chimene chinasintha zinthu ndi chakuti sukulu yawo yakale ya Achimota inalawa jamuyo n'kuwapatsa kontirakiti yoti aziperekera ophunzira jamu ndi madzi a malalanje. Pambuyo pake anapezanso kontirakiti yoperekera madzi a malalanje kwa asilikali a Royal West African Frontier Force, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Oda ya asilikaliyo inali yaikulu kuposa zimene manja awo ndi miphika yawo ikanakwanitsa, ndipo apa m'pamene anapita ku banki. Anapita ali ndi katundu amene ogula anali atamulawa kale, ali ndi wogula wamkulu wodziwika, ndiponso ali ndi umboni wakuti ndalama zobwezera ngongole zidzachokera kwakutikwakuti. Ngongoleyo inaperekedwa, ndipo kampani ya Nkulenu Industries, yotchedwa dzina la bambo awo, inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, mwini wake ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 20.

Munthu wina akanakhutira pomwepo, koma iwo anaona kuti luso lawo linali la kukhitchini chabe, losakwanira kusunga chakudya kwa miyezi yambiri osaonongeka. Kuyambira 1949 mpaka 1951 anali ku England, kumene anaphunzira za kaphikidwe ku Good Housekeeping Institute mu London ndi za kasungidwe ka chakudya ku Long Ashton Research Station, malo a kafukufuku a yunivesite ya Bristol. Atabwerera kwawo anayamba kuika m'zitini zakudya za ku Ghana komweko, ndipo kampaniyo, imene ili ku Madina mu Accra, imadziwikabe ndi msuzi wa zipatso za kanjedza wa m'zitini umene anthu a ku Ghana okhala kunja amagula. Mfundo imene anaigwira msanga ndi yakuti mlimi kapena wamalonda wogulitsa chinthu choola msanga alibe mphamvu pa mtengo, popeza wogula amadziwa kuti dzuwa likapendeka katunduyo atsika yekha. Amene wadziwa kusunga katundu wake ndiye angathe kukana mtengo woipa n'kudikira wogula wina.

Vuto lina limene anakumana nalo linali m'mitima ya ogula. Anthu a ku Gold Coast, makamaka ophunzira ndi olemera, ankakhulupirira kuti chinthu chabwino ndi chochokera ku Ulaya, ndipo katundu wopangidwa m'dzikomo ankamuona ngati wa anthu osauka. Mayi Ocloo anazindikira kuti kampani imodzi singathe kusintha maganizo a dziko lonse, choncho anasonkhanitsa anzawo a mafakitale ang'onoang'ono n'kupanga bungwe. M'chaka cha 1958, patangotha chaka chimodzi Ghana italandira ufulu wodzilamulira pansi pa Kwame Nkrumah, anathandiza kukonza chionetsero choyamba cha katundu wopangidwa ku Ghana, ndipo anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la Federation of Ghana Industries, udindo umene anakhalapo mpaka 1961. Tiyenera kukumbukira kuti bungweli silinali la amayi okha ayi. Linali la eni mafakitale onse, ambiri mwa iwo abambo, ndipo anasankha mayi amene anayamba ndi jamu kuti awalankhulire ku boma. M'chaka cha 1964 anapatsidwanso udindo wotsogolera bungwe la boma loona za chakudya ndi kadyedwe.

Nkhani ya ngongole za amayi, imene dziko limawakumbukira nayo, inabwera iwo atatha kale zaka zoposa 30 m'bizinesi. M'chaka cha 1975 bungwe la United Nations linachititsa msonkhano woyamba wa dziko lonse wa amayi ku Mexico City, ndipo Mayi Ocloo anali komweko. Nthumwi zambiri zinkalankhula za maphunziro, zaumoyo ndi malamulo, koma iwo analimbikira kuti amayi a m'misika ya mu Africa akugwira kale ntchito usiku ndi usana, ndipo chimene chikuwatsekereza ndi chakuti mabanki sawalandira chifukwa alibe chikole, popeza nyumba ndi malo zinkalembedwa m'maina a amuna. Kumeneko anagwirizana maganizo ndi Ela Bhatt wa ku India, amene anali atayambitsa bungwe la SEWA la amayi odzilemba okha ntchito mu 1972 ndi banki yawo mu 1974, komanso Michaela Walsh wa ku America, katswiri wa za ndalama. Kuchokera pa zokambirana zimenezo kunabadwa bungwe la Women's World Banking, limene linalembetsedwa mu 1979, ndipo Mayi Ocloo anakhala wapampando woyamba wa komiti yake yaikulu mpaka 1985.

Njira imene bungweli linayamba nayo ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa imasiyana ndi zimene tinazolowera. Cholinga sichinali kugawa ndalama kwa amayi ngati thandizo, koma kuimirira mayi pamaso pa banki wamba ya m'dziko lake: bungwe linkalonjeza kuti mayiyo akalephera kubweza, ilo lidzalipira gawo la ngongoleyo, ndipo banki inkataya mantha n'kumukongoza. Mayi akabweza kamodzi, kawiri, ankakhala ndi mbiri yakeyake ku banki, moti kenako sankafunikanso womuimirira. M'chaka cha 1990 Mayi Ocloo anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Africa Prize for Leadership ya bungwe la The Hunger Project, ndipo anamwalira ku Accra pa 8 Febuluwale 2002. Mphoto yomweyo mu 1997 inapita kwa Mayi Joyce Banda pamodzi ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique, Mayi Banda asanalowe ndale, chifukwa cha ntchito ya bungwe la amayi a bizinesi la NABW limene anayambitsa cha m'ma 1990. Bungwe la Women's World Banking linafikanso ku Malawi mwa njira ina, pamene linathandiza banki ya NBS kukonza akaunti yosungira ndalama ya Pafupi, imene munthu amaikamo ndi kutapamo ndalama kudzera kwa ejenti wa pagolosale m'malo moyenda ulendo wautali kupita ku nthambi ya banki.

Boma la Mangochi lili ndi malo ake m'mbiri ya ngongole zing'onozing'ono m'dziko muno. Pamene boma la Malawi linafuna kuyesa njira ya Grameen Bank ya ku Bangladesh, imene Muhammad Yunus anayambitsa, linakhazikitsa thumba la Malawi Mudzi Fund ndi thandizo la IFAD, bungwe la United Nations lothandiza chitukuko cha ulimi, ndipo maboma awiri amene anasankhidwa kuyeserako kuyambira 1990 anali Chiradzulu ndi Mangochi. Anthu ankalowa m'timagulu ting'onoting'ono toimirirana okhaokha popanda chikole. M'zaka zoyambirira abambo ambiri sanabweze, ndipo thumbalo linatembenukira kwa amayi, amene ankabweza mokhulupirika. Pakati pa zaka za m'ma 1990 thumbali linamezedwa ndi kampani ya Malawi Rural Finance Company, imene nayo inadzatsekedwa. Kuchokera pamenepo maina a matumba a ngongole a boma akhala akusinthasintha, MARDEF mu 2005, kenako MEDF, kenako NEEF mu 2020, ndipo nthawi iliyonse nkhani imene yamveka ndi yofanana, yakuti ngongole zambiri sizikubwezedwa ndiponso kuti anthu ena amaziona ngati mphatso ya andale.

Ofufuza anayamba kalekale kuchenjeza kuti ngongole payokha siichita zodabwitsa zimene anthu amailonjezera. Kafukufuku wa Aliou Diagne ndi Manfred Zeller, amene bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI linasindikiza mu 2001 ndipo Mangochi inali limodzi mwa maboma amene anayendera, sanapeze umboni wakuti mabanja okongola ndalama ankapindula kuposa osakongola, ndipo analoza ku zinthu zina zosoweka monga misika, misewu ndi malo olima okwanira. Mu 2015 akatswiri a za chuma anafalitsa pamodzi zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko 6, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, ndipo anapeza kuti ngongole zing'onozing'ono zimathandiza pang'ono, makamaka kwa amene anali kale ndi bizinesi yoyenda, koma sizitulutsa mabanja ambiri mu umphawi. Zimenezi sizitsutsa Mayi Ocloo. Zikugwirizana ndi moyo wawo, popeza iwo eni anali munthu wa bizinesi yoyenda kale pamene banki inawakongoza.

Kuti timvetse chifukwa chake zimakhala choncho, tiyang'ane bizinesi imene amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja amadalira. Mayi wogula usipa pa doko la Msaka, la Chembe, la Makawa kapena la Malindi amapikula m'mamawa asodzi akangokocheza, amauyanika pa thandala kapena kuufutsa, ndipo ukauma amaunyamula kupita nawo ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku misika ya kumtunda monga Namwera. Ndalama zake zimazungulira motsatira nyanja, osati motsatira kalendala ya wokongoza. Usipa amaupha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri nsomba zimachepa ndipo mtengo pa doko umakwera. M'nyengo yozizira mwera ukaomba masiku angapo motsatizana, mabwato salowa m'madzi. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane, ndipo nyengo ya dzinja, pamene usipa umatha kuchuluka, ndi imenenso mvula imagwa pa thandala n'kuoletsa katundu wa mpamba wonse tsiku limodzi. Ngongole yobweza sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse siidziwa za mwera kapena za mwezi, ndipo tsiku lobweza likafika mayiyo alibe nsomba, amapita kwa wakatapila kukatenga ndalama zotsekera ngongole yoyambayo. Apa m'pamene pamayambira ulendo wothera pa kulandidwa ziwiya.

Banki m'khonde yakula m'midzi yathu chifukwa imamvetsa zimenezi kuposa mabungwe akunja. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mphamvu yake ndi yakuti ndalama ndi za mamembala eni, chiwongoladzanja chimabwerera kwa iwo pa tsiku logawana, ndipo anthu amene akukongozana amadziwana mpaka kukhitchini. Komabe malire ake ndi oonekeratu. M'magulu ambiri chiwongoladzanja chimakhala 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo ngongole imayenera kubwezedwa m'miyezi yochepa, zimene zingatheke pa geni yozungulira msanga koma sizingagule firiji, injini ya boti kapena makina. Kugwa kwa ndalama ya kwacha kunaonjezera ululu: inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mayi amene anasunga masheya chaka chonse anakalandira ndalama zambiri pa chiwerengero koma zogula mabeseni ochepa a usipa kuposa poyamba.

Gawo la moyo wa Mayi Ocloo limene Mangochi ikulisowa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi la luso la kusunga chakudya. Boma lathu lili ndi nsomba, mango amene amaolera pansi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, malambe, bwemba, tomato ndi nandolo, koma pafupifupi zonsezi zimatuluka m'bomali zili zosakonzedwa, ndipo phindu lenileni limakapangidwira kwina. Zoyesayesa zilipo, monga matenti oyanikira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa amene anamangidwa m'madoko ena a kwa Nankumba, momwe usipa umauma osagwidwa ndi mvula, fumbi kapena ntchentche, komanso mauvuni owambira nsomba osadya nkhuni zambiri. Usipa wouma mwa njira imeneyi ndi woyera ndipo umakhalitsa, koma tenti yotere imafuna ndalama zambiri zomangira, ndipo ngati mayiyo akagulitsa pa msika womwewo, kwa ogula omwewo amene amangoyang'ana kukula kwa mulu, ndalama zimene anaononga sizibwerera. Luso lopanda wogula woyamikira luso limafa msanga, ndipo n'chifukwa chake zipangizo zina za mapulojekiti zimangokhala pulojekiti ikatha.

Ogula oyamba a Mayi Ocloo anali sukulu yogonera konko ndi gulu la asilikali. Mangochi ili ndi ogula a mtundu womwewo: sukulu za sekondale zogonera konko, zipatala, asilikali a pamadzi ku Monkey Bay, ndiponso mahotela a m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, kumene misonkhano ya boma ndi ya mabungwe imachitikira chaka chonse. Anthu onsewa amadya tsiku lililonse. Funso ndi lakuti chakudya chawocho chimachokera kwa ndani, ndipo chimene chimatsekereza mayi wa pa doko kapena wa ku dimba si mpamba wokha. Wogula wamkulu amafuna katundu wofanana sabata iliyonse, amafuna bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho ya ku MRA, akaunti ya ku banki ya bizinesiyo, ndipo pa chakudya cha m'mapaketi ndi m'mabotolo masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chimene sichiperekedwa kwa munthu wophikira pa mafuwa kuseri kwa nyumba. Kafukufuku wina amene akatswiri a World Bank anachita pa mabizinesi ang'onoang'ono ku Blantyre ndi ku Lilongwe anapeza kuti kungolembetsa bizinesi sikunakweze phindu, koma kulembetsa kophatikiza ndi kuthandizidwa kutsegula akaunti ya bizinesi kunakweza malonda ndi phindu lomwe. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kuchimvetsa kwa aliyense wodziwa moyo wa pakhomo: ndalama za geni zikakhala m'chitenje, maliro, matenda ndi alendo amadya mpamba mwini wake osazindikira.

Nkhani ya chikole kuno ili ndi mbali yake yapadera. Pakati pa Ayao ndi Anyanja a m'boma lino ukwati wambiri ndi wa chikamwini, ndipo malo amayenda kudzera ku mbumba, moti munthu angaganize kuti amayi a ku Mangochi ali ndi mwayi umene amayi a ku Ghana a nthawi ya Mayi Ocloo analibe. Koma malo a makolo opanda chikalata banki siiwalandira, ndipo ngakhale ikanawalandira, munda wa mbumba si wa mayi mmodzi woti angaupereke chikole popanda mwinimbumba ndi abale kuvomereza. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linatsegula njira yakuti katundu wosunthika, monga makina, ziweto, katundu wa m'sitolo ngakhale ndalama zimene wogula akuyenera kukulipira, azilembetsedwa ngati chikole. Pa pepala, zimenezi zikutanthauza kuti gulu la amayi lokhala ndi oda yochokera ku hotela likhoza kupita nayo ku banki monga mmene Mayi Ocloo anachitira ndi kontirakiti ya asilikali. Amayi ochepa kwambiri m'misika yathu ndi amene anamvapo za lamuloli, ndipo ndimaona kuti ola limodzi lolifotokoza likanapindulitsa kuposa maphunziro ambiri a masiku atatu amene amathera pa kujambulitsa zithunzi.

Palinso chinthu china chimene okonza ngongole ku Lilongwe amachiiwala kawirikawiri. Mangochi, imene kalembera wa 2018 anapeza kuti ili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndi boma limene anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo chipembedzo cha Chisilamu chimaletsa riba, kulandira kapena kupereka chiwongoladzanja. Alipo amayi odziwa bwino malonda, ena oyenda mpaka ku Chiponde ndi ku Mandimba m'dziko la Mozambique, amene safika pa mzere wa ngongole chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo owerengera amawalemba ngati anthu osafuna chitukuko. Njira zogwirizana ndi chipembedzochi zilipo ndipo mabanki ena m'dziko muno ayamba kuzipereka: banki imagula chipangizo chimene wamalonda akufuna n'kumugulitsa pa mtengo wogwirizana kale wolipira pang'onopang'ono, kapena imalowa naye m'bizinesi n'kugawana phindu ndi kuluza komwe. Njira yoyambayo ikugwirizana bwino ndi zosowa za mayi wofuna firiji kapena uvuni, Msilamu ndi Mkhristu yemwe, chifukwa ndalama sizidutsa m'manja mwake kuti zipatukire ku mavuto a pakhomo.

Za bungwe lolankhulira amalonda, limene Mayi Ocloo analiika patsogolo mu 1958, ife tili kutali. Makomiti a m'madoko, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha m'nyanjamo, anakhazikitsidwa kuti ateteze nsomba, ndipo mawu amphamvu m'menemo nthawi zambiri amakhala a eni makoka ndi mabwato, amene ambiri ndi abambo. Amayi ogula ndi kukonza nsomba, ngakhale ndi ochuluka pa doko, amapikisana okhaokha pa bwato lililonse lokocheza, ndipo nsomba zikachepa mpikisanowo umafika pa mchitidwe woipa wodziwika kwa tonse, woti msodzi amafuna thupi la mayi kuti amugulitse nsomba. Ngongole yoonjezera siithetsa zimenezi, chifukwa vuto si ndalama zokha koma mphamvu pa doko. Amayi akamagula pamodzi ngati kopaletivi, kapena akakhala ndi bwato ndi khoka lawolawo n'kulemba asodzi ntchito, monga mmene ena ayambira kuchitira, wokocheza salankhulanso ndi munthu mmodzi wosowa pogwira.

Sindikufuna kubisa kusiyana kumene kulipo pakati pa Mayi Ocloo ndi mayi wa pa doko la Makawa. Iwo anali ndi maphunziro a ku Achimota, ankadziwa kulemba kalata ya bizinesi ndi kuwerengera mtengo wa botolo lililonse, ndipo sukulu imene inawapatsa kontirakiti yoyamba inkawadziwa kuyambira ali mwana. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene atsikana ambiri amasiya sukulu msanga chifukwa cha maukwati ndi mimba, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga sangathe kuona chimene chalembedwa pa fomu ya ngongole imene akudindapo chala. N'chifukwa chake Mayi Ocloo, atakula, anathera zaka zambiri akuphunzitsa amayi ndi achinyamata ntchito za manja, kusunga chakudya ndi kulemba za ndalama, podziwa kuti mwayi umene iwo anapeza ambiri sadzaupeza okha. Mtsikana wa satifiketi amene akusekedwa lero chifukwa chowamba nsomba ndi amene angakhale mlembi ndi msungichuma wa gulu la amayi akuluakulu odziwa nsomba koma osadziwa mapepala.

Boma linaikapo malamulo othandiza pa mbali ya msika. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017, pamodzi ndi ndondomeko ya 2020 yokhudza mabizinesi ang'onoang'ono, linakonzedwa kuti gawo la zinthu zimene maofesi a boma amagula lizipita kwa Amalawi a mabizinesi ang'ono, kuphatikizapo amayi ndi achinyamata. Chimene chimaononga cholinga chabwinochi ndi kuchedwa kulipira. Kampani yaikulu ingathe kudikira miyezi 6 boma lisanailipire, koma gulu la amayi limene latenga ngongole ya chiwongoladzanja cha pamwezi kuti lipereke nyemba kapena usipa ku sukulu limakhala litagwa kale pofika mwezi wachitatu, ndipo kontirakiti imene inkayenera kulikweza ndiyo imalimaliza. Khonsolo ya boma lino ndi aphungu athu, amene amakonda kulengeza za matumba atsopano a ngongole, akanayamba ndi kufunsa maofesi, sukulu ndi zipatala za m'boma muno kuti ndi amalonda ang'onoang'ono angati amene anapereka katundu ndipo mpaka lero akudikirabe malipiro awo.